Lachitatu ku Chelstone

Sabata yathayi andilembera kalata ya chenjezo kuti ndimachedwa pa ntchito. Ine amene ndakwera madenga a mu Lusaka muno zaka 7 ndikukoka mawaya a intaneti, dzuwa ndi mvula. Kalatayo sindinasayine. Anzanga a ntchito ino, mvetserani mlanduwu muweruze nokha.

Lolemba ndi Lachiwiri panalibe zachilendo. Nyumba ziwiri ku Chalala, waya wa intaneti wa fibre wodulidwa ndi okumba ngalande ku Ibex Hill, ndi kashopu ka ku Kamwala komwe rauta, kabokosi kotulutsa Wi-Fi, anaiponya pansi pa kauntala, pakati pa mabelo a salaula, n'kumadandaula kuti netiweki yathu ndi yofooka. Galimoto ya gulu lathu ili ku garaja kuyambira mwezi watha, ndiye ntchito zosafuna makwerero timapita pa minibasi, chikwama cha zida pamiyendo.

Lachitatu m'mawa kapepala ka ntchito kanangoti kasitomala wa ku Chelstone akulephera kulumikiza chipangizo. Nthawi yopatsidwa, mphindi 45. Ndinatsika pa Great East Road ndikuganiza kuti ndikangolemba pasiwedi n'kubwerako.

Ananditsegulira geti amayi achikulire, aphunzitsi opuma ntchito, kwawo ku Katete. Amakhala okha ndi kamtsikana kowathandiza masana. Mwana wawo wamkazi ali ku Manchester, ndipo amayiwa atagwa m'bafa miyezi yapitayo, mwanayo anatumiza kamera yaing'ono yoika m'chipinda chochezera kuti aziwaona pa foni. Kamerayo inafika Loweruka. Pofika Lamlungu madzulo, m'nyumbamo munalibe kamera yogwira ntchito, munalibenso intaneti imene.

Magetsi anali atazima, monga tazolowera chiyambire chilala cha 2024 chija madzi atatsika ku Kariba. Ndinalumikiza rauta ku kabatire kanga ka 12V, kogula ndekha, pajatu ofesi sipereka. Itayaka ndinadziwiratu: dzina la Wi-Fi labwerera la kufakitale, zonse zafufutika.

Ndisanafunse n'komwe, amayi anabwera ndi kope la sukulu. Masamba atatu odzaza ndi zolemba zokongola za aphunzitsi akale, mawu aliwonse amene anauzidwa pa foni ndi ana a ku call centre: SSID, WPA2, security key, band, 5G, WPS. Pambali pa liwu lililonse anaika chizindikiro cha funso. "Mwana wanga," anatero, "ndiuze chinthu chimodzi chokha. Pasiwedi ndi iti?"

Ndinatembenuza rauta kuti ndiwaonetse kapepala ka pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinakawerenga ndi maso a munthu wamba. Pali SSID, kutanthauza dzina la Wi-Fi, koma liwu loti dzina palibepo. Pali WLAN key. Pali WPS PIN ya manambala 8. Ndiyeno pali mzere umodzi wokha wolembedwa password, ndipo umenewo ndiwo wolakwika, chifukwa ndi wolowera m'kati mwa rauta pa 192.168.1.1, osati wa Wi-Fi. Laputopu yawo ya Windows imapempha network security key. TV imati passphrase. Pulogalamu ya kamera imati Wi-Fi password. M'kati mwa rauta mwalembedwa pre-shared key. Kiyi ndi mmodzi yemweyo, maina asanu, ndipo liwu lokhalo limene munthu amalidziwa analipachika pa chitseko china. Amayi analemba password yolakwikayo kakhumi, chilembo ndi chilembo, osaphonya.

Koma ngakhale akanalemba yolondola, kamera ikanakanabe. Mukudziwa inu, timakamera totchipa timeneti, pamodzi ndi maprinta ambiri, timangomva mafunde a Wi-Fi a 2.4 GHz basi. Marauta athu amabwera 2.4 ndi 5 GHz ataziphatikiza pa dzina limodzi, foni n'kudzisankhira 5, pulogalamu ya kamera n'kuyamba kukana. Mwana woyamba wa ku call centre anawauza kuti achotse 5G. Amayi 5G amaidziwa ya pa zikwangwani za makampani a foni, ndiye analowa m'foni n'kusintha netiweki ya SIM kadi. Awalakwitse ndani? Ngakhale marauta ena amalemba 5G kumapeto kwa dzina la Wi-Fi pomwe akutanthauza 5 GHz, zinthu ziwiri zosagwirizana m'pang'ono pomwe. Mwana wachiwiri wa ku call centre anati adine WPS, kabatani kolumikizira chipangizo popanda kulemba pasiwedi, kumbuyo kwa rauta. Kumbuyoko kuli kabatani kakuda pa pulasitiki yakuda, ndipo pambali pake pali kabowo ka reset, kofufutira zonse. Maso a zaka zimenezo, madzulo, magetsi a kandulo. Anatenga singano yosokera n'kulowetsa m'kabowo, n'kugwira nthawi yaitali monga anauzidwira. Zonse zinapita, mpaka dzina ndi pasiwedi ya PPPoE, zolumikizira rauta ku kampani yathu, zomwe kasitomala sapatsidwa.

Zimenezi n'zantchito, tonse tazionapo. Chomwe chinandilasa ndi mawu amene ananena ndikudikira ofesi. Anakhala pa mpando, kope pamiyendo, nati: "Ndaphunzitsa ana Chingerezi zaka 30, lero Chingerezi chandipusitsa m'nyumba mwanga. Ndamuuza kale mwana wanga kuti mutu wanga wayamba kutha. Mwina nthawi yakwana yoti ndizisungidwa." Masiku atatu munthu akulephera kugona, akuganiza kuti nzeru zamuthawa, chifukwa cha kapepala kolembedwa ndi anthu amene sanaganizirepo wowerenga. Ndinakumbukira mayi anga ku Petauke, m'mimba munatentha.

Ofesi inandisunga mphindi 40, pa ndalama zanga za foni. Munthu amene ali ndi chilolezo chotsegula za PPPoE ndi mmodzi yekha, ndipo anali mu msonkhano. Zitabwera, ntchito yeniyeni inali ya mphindi 10. Ndinapatula 2.4 ndi 5, ndinatsitsa chitetezo cha Wi-Fi pa mtundu wakale wa WPA2 chifukwa watsopano wa WPA3 yomwe inabwera mu 2018 timakamera tambiri sitiidziwa, n'kuika 2.4 pa channel 6 popeza oyandikana nawo anadzazana pa 1 ndi 11. Apo ndikanatha kunyamula chikwama. Sindinanyamule.

Ndinakhala pansi n'kuyamba kufotokoza kuti 2.4 imafika patali ndi kudutsa makoma koma ndi yochedwerapo, pomwe 5 ndi yachangu koma imafuna ukhale pafupi. Ndisanamalize anandidula: "Ngati shortwave ndi FM pa wailesi?" Ndinaseka. Zaka zonsezi sindinapezepo fanizo loposa limeneli. "Ndiye kamera yanga ndi wailesi yakale yopanda FM." Eya, Amayi, basi. Maina a Wi-Fi anasankha okha, ina Patali, ina Pafupi. Ndinaichotsa kamera dala n'kuwapatsa foni kuti ailumikize okha, katatu. Kachitatu sanandiyang'ane n'komwe. M'kope muja anafufuta zizindikiro za funso chimodzichimodzi, n'kumanga maina asanu aja ndi mzere umodzi, pambali n'kulemba kuti kiyi.

Mwana wa ku Manchester anaimba ali pa nthawi yopuma kuntchito. Amayi anaima kutsogolo kwa kamera n'kumukupizira dzanja, kenako anayamba kumuphunzitsa za shortwave. Ine ndinatuluka panja pang'ono. Anakana kuti ndichoke ndi njala, ndipo nsima ya chiwawa chotendera simukana kwa munthu wamkulu. Ndinatuluka pa geti patatha maola atatu. Ntchito za ku Avondale ndi Kaunda Square zinagona.

Lachinayi m'mawa bwana anandiitana. Pakompyuta pawo dzina langa linali lofiira. Ndinafotokoza zonse, iwo nati, "Ife si sukulu. Lumikizani, sayinitsani, nyamukani." Ndinawakumbutsa kuti chaka chatha ndinapempha kuti tisindikize kapepala kamodzi m'Chinyanja ndi Chibemba, komata pamwamba pa rauta, kongonena kuti dzina la Wi-Fi ndi ili, kiyi ndi uyu, kabowo aka musakhudze. Anati palibe bajeti. Koma bajeti yotumiza munthu kudutsa tauni yonse kukakonza zomwe singano yawononga ilipo. Ndinapemphanso kuti marauta tizisiya 2.4 ndi 5 zili zopatukana pa tsiku loika, anati malangizo a kampani sakutero. Ana a ku call centre sindiwada ayi. Amawerenga zomwe anawalembera, wotchi ikuwathamangitsa ngati ife tomwe, ndipo ena a iwo rauta yomwe akufotokozayo sanaigwirepo m'manja.

Lachinayi lonselo ndinalipira ngongole za Lachitatu. Lachisanu ku Matero mnyamata wa printa, vuto lomwelo la 2.4, mphindi 10, anasayina, ndinanyamuka, ndipo sakudziwa chomwe ndinachita. Akadzasintha rauta adzaimbanso. Bwana akondwa, dzina langa labiriwira.

Loweruka masana ndikuchapa yunifolomu, foni inalira. Amayi a ku Chelstone. TV ya oyandikana nawo ikupempha passphrase, kodi ndi kiyi yemwe uja? Ndinati ndi yemweyo, Amayi. "Ndimadziwa, mwana wanga, ndimangofuna kutsimikiza ndisanawauze." Anadula msanga, akuti mayunitsi atha. Kalata ija ikadali m'chikwama, pansi pa tesita ya fibre, ndipo Lolemba bwana akuifuna.