Dzino lachoka koma nkhani ya ine ndi Amayi ikadalipo

Tulo sitikubwera. Dzanzi latha tsaya layamba kuwawa, lilime likungobwererabwerera pampata paja, koma chikundisowetsa mtendere ndi mmene ndayankhulira ndi Amayi madzulo ano.

Dzino lija andizula lero m'mawa, lotafunira lakumanzere. Lachiwiri limeneli ndipo zaka 35 sindinakwanitse. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, ine ndatsala ndi 30. Adokotala ake, mayi wodekha bwino, sanandikalipire, anangofunsa kuti mumatsuka kangati patsiku? Ndati m'mawa uliwonse sindiphonya. Akuti nanga usiku? Ndinangoti zii. Ndiye anandifotokozera kuti tikagona malovu amachepa mkamwa, pomwe malovuwo ndi amene amatitchinjirizira mano, ndiye tizilombo timadya shuga wotsalira uja usiku wonse n'kumatulutsa asidi, asidiyo ndi amene amaboola dzino, osati mphutsi zomwe tinkauzidwa tili ana zija. Akuti kawiri patsiku, mphindi 2, mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride wolimbitsa mano uja, ukamaliza kungolavula basi osachukucha ndi madzi kuti mankhwalawo atsalire pamano. Ine moyo wanga wonse ndimachukucha mpaka kapu yonse kutha. Mswachi nawo akuti pakatha miyezi 3 kusintha, wanga uja sindikukumbuka n'komwe kuti ndinagula liti.

Potuluka ndinadziuza kuti Januwale uno anzanga akulonjeza zosunga ndalama ku banki mkhonde, ena zochepetsa thupi, ine changa ndi chimenechi, m'nyumba mwanga dzino lina lisachokenso. Ndinadzera pagolosale n'kugula miswachi itatu, wanga, wa mwana, wa Amayi.

Kufika kunyumba ndapeza mwana ali ndi kapu ya tiyi, switi ili kutsaya, Amayi akumuthirira sipuni yachitatu ya shuga. Sindinaganize kawiri. Ndangoti Amayi mukumuwonongera mano mwanayu, siyani. Pamaso pa mwana, thonje lamagazi ndangolavula kumene. Amayi anaika sipuni pansi pang'onopang'ono. Akuti iwe, ndakulerani ana asanu ine, mano tikutsuka ndi phulusa ndi mchere, lero wapita kuchipatala tsiku limodzi wabwerako mphunzitsi wanga? Akuti tawerenga anga awa, nanga wazula ndani pakati pa ine ndi iwe?

Ndipo sakunama, zaka zaposa 60 koma chimanga chokazinga amakukuta bwinobwino. Ndinafuna kuwauza kuti Amayi nthawi yanu shuga ankaoneka pa Khirisimasi, inu munakulira mbatata, chinangwa ndi phala la mchere, mwana uyu akukulira maswiti, mabisiketi, mafirizesi a pageti ya sukulu, pakamwa sipapuma. Adokotala aja ananenetsa kuti chimaononga kwambiri ndi kudya zotsekemera pafupipafupi tsiku lonse, bola kudyera limodzi ndi chakudya n'kusiya. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati wamkulu asapose masipuni ang'onoang'ono 12 a shuga patsiku, 6 ndiye bwino kwambiri, ine tiyi yekha makapu atatu ndafika kale 9. Koma mawu onsewa anandikakamira pakhosi, chifukwa ndinaona nkhope yawo kuti sanamve za shuga, amva zoti sadziwa kulera.

Ndipo switi ija ndikuidziwa. Ndi ya ndalama yawo yogulitsa tomato, ndi njira yawo youzira mdzukulu kuti ndimakukonda. Nafenso tili ana akachokera kumsika ankatibisira kenakake m'chitenje, ndikukumbuka mmene tinkawathamangira. Ndikamaganiza zimenezo mtima ukundipweteka kuposa tsayali.

Koma mwanayu ali ndi zaka 6. Ndamuunika ndi tochi ya foni, mano atsopano akumapeto aja ayamba kutuluka, amene amamera popanda lina kugweruka ndiye makolo ambiri timayesa ndi achibwana adzachoka. Sadzachoka, amenewo ndi a moyo wonse. Lomwe andizula lero ndi la mtundu womwewo. Sindikufuna adzakhale pabenchi yachipatala atagwira tsaya ngati ine, sindikufuna ndithu.

Tisanagone tatsuka limodzi, ine mosamala mbali imodzi yokha, iye ndamuikira kochepa ngati nsawawa. Amafunsa kuti bwanji osachukucha, kukuwawa mkamwa, ndamuuza kuti azolowera. Amayi anali atalowa kale kuchipinda, nsima angodya pang'ono. Mswachi wawo uli patebulo osatsegula.

Mawa m'mawa tiyi akonza ndi iwo monga mwa masiku onse, ine ndimanyamuka 6 koloko isanakwane. Kupepesa ndipepesa, zimenezo ndatsimikiza, ndinalakwitsa kayankhulidwe. Koma ndikapepesa n'kuwonjezera kuti komabe shugayo achepe, kaya sizikhala ngati ndayambiranso. Mwina ndiwapemphe achimwene adzawauze, iwo amawamvera, kaya