Ndinapempha bwalo limodzi, kunabadwa mapasa

Abwana ankafuna chithunzi chimodzi chokha choti chilowe m'kabuku ka masamu: bwalo lojambulidwa ndi kompyuta ngati mzere wa kontuwa, uja umadutsa malo onse amene fankishoni ikupereka yankho lofanana. Ndinawauza, dzanja lili m'thumba, kuti imeneyo si ntchito yokhalira pansi.

Mwana wa sekondale aliyense amadziwa kuti x² + y² − 1 = 0 ndi bwalo. Koma ine ndinaona kuti samuyo ikuoneka yosauka, yosayenera munthu wolandira malipiro. Ndinaitsekera m'mabulaketi n'kuika sikweya pamwamba: (x² + y² − 1)². Ziro kutaimusa ziro ndi ziro basi, ndiye bwalo ndi lomwelo, langooneka lophunzira.

Ndinalemba timizere tanga mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndinauza Matplotlib, chida chake chojambulira magirafu, kuti indijambulire kontuwa ya pa 0, n'kudina. Panatuluka bokosi loyera mbuu, manambala ali ndondondo m'mbali, m'kati mulibe ngakhale kadontho.

Ndinasintha mtundu wa mzere kukhala wofiira. Palibe. Ndinaunenepetsa. Palibe, koma tsopano kunali kusowa kwa mzere wofiira wonenepa. Ndinapukuta sikirini ndi malaya. Kenako ndinaganiza kuti mwina madontho amene kompyuta imawerengerapo fankishoni achepa, ndiye ndinawachulukitsa kufika 5000 mbali iyi, 5000 mbali inayo. Amenewo ndi madontho 25 miliyoni, ndipo poti nambala iliyonse imadya mabayiti 8, tebulo limodzi lokha ndi 200 MB, matebulowo atatu. Fani ya laputopu inayamba kulira mokweza mpaka mphaka anasamuka pampando. Itamaliza kuvutika konseko, inandipatsa bokosi loyera lomwe lija.

Apa ndinachita zaukatswiri. Ndinati ngati ziro akuvuta, ndipemphe woyandikana naye, 0.001. Eee, mabwalo awiri! Lina m'kati mwa linzake, motalikirana pang'ono zedi, lina pa mtunda wa 0.984 kuchokera pakati, lina pa 1.016. Tulo tinali titandigwira, ndiye ndinatumiza mapasawo kwa abwana ndi mawu akuti ndikonza mawa.

M'mawa mlongo wanga wamng'ono, amene akuphunzira masamu kukoleji, anasuzumira paphewa panga akutsuka mano.

"Achimwene, sikweyayu wamuika ndani?"

"Iwe, zimenezi ndi za akuluakulu."

"Nanga fankishoni yanuyi imatsikako pansi pa ziro?"

Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Chinthu chokhala ndi sikweya sichingakhale negativi, ngakhale utachipempherera.

Analavula kaye, n'kubwera kudzandiphunzitsa, ine amene ndinamuphunzitsa kuwerenga zala. Kompyuta, akuti, siona bwalo ayi. Imadula malo onse m'timabokosi, n'kuyang'ana ngodya zinayi za kabokosi kalikonse. Ikapeza ngodya ina ili pamwamba pa nambala imene mwapempha, ina pansi pake, imadziwa kuti mzere wadutsa pakati, n'kujambula kachidutswa. Njirayi amaitcha marching squares. Ili ngati mlonda amene amalemba okhawo odutsa pachipata. Wongogunda chipata n'kubwerera, m'buku mwake mulibe. Fankishoni yanga inkatsika, kugunda ziro, n'kukweranso. Ngodya zonse zili pamwamba, mzere uchokera kuti? Madontho 25 miliyoni aja anangochulukitsa mboni zonena kuti sizinaone kanthu.

"Nanga mapasa aja?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Pa 0.001 imadutsa kawiri, achimwene, potsika ndi pokwera. Mumayembekeza angati?"

Anatambasula dzanja lonyowa, n'kufufuta mabulaketi ndi sikweya wanga yense. M'kati mwa bwalo manambala anakhala negativi, kunja pozitivi. Ndi madontho 100 okha mbali iliyonse, bwalo linatuluka limodzi, losalala, fani osatsokomola n'komwe. Anandiuzanso, ngati sizinakwane, kuti tsiku lina mzere ukadzaduka pakati ndidzayang'ane ngati sindinatenge log kapena sikweya ruti ya nambala ya negativi, chifukwa pamenepo pamatuluka NaN, kutanthauza kuti si nambala, ndipo malowo amasiyidwa osajambula.

Ndinathamangira kukatumiza chithunzi cholondolacho, koma ndinapeza abwana atayankha kale usiku womwewo. Mapasa aja awasangalatsa kwambiri, akuti akuoneka amakono, ndipo awapititsa kale kwa osindikiza kuti akhale pachikuto. Akufunanso ndime yofotokozera ana chifukwa chake bwalo lili ndi mizere iwiri, ifike lisanakwane Lachisanu.