Nyimbo za asodzi ndi opemphetsa a ku Japan zikakwera ndege

Kuno ku Mzuzu, munthu akatchula Japan, ambiri timaganiza za magalimoto amene adzaza mumsewu wa M1, kapena anthu ongodzipereka ochokera kumeneko amene akhala akubwera m'dziko muno kuyambira mu 1971. Ine ndakhala ndikutsatira pa YouTube oimba a ku Japan amene amayenda m'maiko akunja ndi nyimbo za makolo awo zotchedwa min'yo, ndipo ndaona kuti zimene alendo amaombera m'manja zimasiyana kwambiri ndi zimene zinkaimbidwa kumudzi.

Nyimbo ya Soran Bushi inali ya asodzi a ku Hokkaido, chilumba cha kumpoto kwa Japan, ndipo ankaiimba potunga nsomba m'makoka akuluakulu n'kumazithira m'maboti, kuti manja onse ayendere limodzi. Amene anaonapo anthu akukoka khoka ku Nkhata Bay sangavutike kumvetsa zimenezi. Nsombazo zinasowa m'zaka za m'ma 1950, ntchito inatha, koma nyimbo inatsala, ndipo lero imaimbidwa pamaso pa anthu okhala pamipando ku London kapena ku New York, amene samva ngakhale liwu limodzi.

Mbiri ya shamisen ya ku Tsugaru, m'chigawo cha Aomori, ndiyo imandikhudza kwambiri. Choimbira chimenechi chili ndi zingwe zitatu, ndipo kale ankachiimba amuna osaona amene ankayenda khomo ndi khomo kupempha mpunga kapena ndalama, m'dera limene kumazizira koopsa. Takahashi Chikuzan, amene anabadwa mu 1910 ndi kumwalira mu 1998, anayamba moyo wake motero, koma atakalamba ankaimba m'maholo akuluakulu, mpaka ku America. Amene anabwera pambuyo pake, monga a Yoshida Brothers amene anatulutsa chimbale chawo choyamba mu 1999, amachiimba mwaliwiro ndi mwaukali, nthawi zambiri popanda mawu, chifukwa zala zothamanga pazingwe sizifuna womasulira.

Ng'oma za taiko zinayenda mosavuta kuposa zonse, ngakhale kuti kuomba ng'oma zambiri pamodzi ngati gulu si mwambo wakalekale. Anauyambitsa ndi Daihachi Oguchi mu 1951, ndipo iyeyo anali woomba ng'oma za jazi. Gulu la oomba ng'omazi lotchedwa Kodo, la pachilumba cha Sado ku Japan komweko, linaonekera koyamba ku Berlin mu 1981.

Sindikuona cholakwa m'kusintha kumeneku, pakuti nyimbo ya ntchito imene ntchito yake inatha ikanatsagana ndi asodzi omaliza kumanda. Chimene sindigwirizana nacho ndi oimba amene amangosiya alendo akuganiza kuti akuona zinthu monga zinaliri kale, osawauza kuti nyimbozi zinabadwira m'thukuta ndi m'njala. Ifenso kuno kumpoto vuto lomweli tikulidziwa. Vimbuza, amene bungwe la UNESCO linawazindikira mu 2005, ndi gule wochiritsa odwala, koma akavinidwa masana pamsonkhano kuti alendo olemekezeka asangalale, pamakhala palibe wodwala, palibenso sing'anga, ndipo wolengeza mwambo kawirikawiri satchula n'komwe zimenezi.

A Kodo anachita china chimene magulu athu a zachikhalidwe angachilingalire. Kuyambira mu 1988 amakonza chikondwerero chotchedwa Earth Celebration ku Sado komweko, kotero kuti amene anawaonera kunja amakwera sitima yapamadzi kukamva ng'omazo pachilumba pomwe eni ake amakhala ndi kuphunzitsirapo achinyamata.