Malume m'mabulaketi

Malume anga anayamba usodzi pa nyanja ya Malombe chambo chikadali mbwee, chisanasowe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 n'kusiyira malo kambuzi. Ndiye polemba kafukufuku wanga wa chaka chomaliza wokhudza kutha kwa chambo, katswiri ndinali naye pakhomo pomwe. Ndinawapeza padoko akusoka ukonde, ndipo anandifotokozera za nkacha, khoka la maso ang'onoang'ono lomwe limakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, n'kuzulanso udzu wapansi pamadzi. Potsazika ndinawalonjeza kuti dzina lawo lilowa m'buku.

Ndinawaikadi pamndandanda wa kumapeto, wa kumene ndinatenga mfundo zanga, koma aphunzitsi ondiyang'anira anawakhwatcha ndi cholembera chofiira. Ife timatsata kalembedwe ka APA, malamulo a katchulidwe ka kumene wolemba watenga mfundo, ndipo kumapetoko kumalowa zokhazo zimene wowerenga angathe kukazipeza yekha: buku, lipoti, nkhani ya m'magazini ya akatswiri. Zimene munthu wakuuza pakamwa zimangotchulidwa m'kati mwa ndime, m'mabulaketi: chilembo choyamba cha dzina lake, dzina la bambo ake, mawu osonyeza kuti munachita kukambirana, ndi tsiku lake. Basi.

"Wowerenga wa ku Mzuzu akawapeza pashelefu iti malume akowo?" anatero aphunzitsi.

Pamenepo n'kuti malume atalengeza kale doko lonse. Tsiku lomwe ndinabwera nalo buku kuchokera kuboma, lomatidwa chikuto cholimba, ndinapeza mikeka yayalidwa pansi pa mtengo wa mango, asodzi anzawo akhala mwaulemu, ndi anyakwawa omwe abwera. Azakhali anali ataphika mpunga wa chambo chenicheni, chochita kugula, ndipo aliyense wa kuno akudziwa mtengo wake masiku ano.

Malume anaitana mdzukulu wawo wa Sitandade 8. "Yambira kumapeto, kumene amalembako akuluakulu."

Mwana uja anayamba ndi A, akupunthwa pa mayina a azungu. Atafika pa FAO, 1993, malume anamuimitsa.

"Ameneyu kwawo n'kuti?"

"Ndi bungwe, malume. Likulu lake lili ku Rome."

"Ku Rome kuli chambo?"

Ndinati kulibe, koma anatumiza akatswiri kuno n'kulemba lipoti. Wina kumbuyo anati mwina ndi aja ankabwera ndi sikelo. Mwana anapitiriza. Chilembo cha dzina la malume chinafika n'kudutsa, anthu n'kuyamba kuyang'ana mphika. Atafika pa Z, pamkeka panali zii.

Thukuta lili kamukamu, ndinatsegula pakati pa buku n'kuwalozera. Anavala magalasi awo omanga ndi ulusi wa ukonde, n'kuyang'anitsitsa kanthawi ndithu.

"Iwe mphwanga, 'Che' wanga ali kuti?"

Ndinafotokoza kuti APA salemba Che, Bambo, Dokotala kapena Pulofesa. Aliyense amalowa ndi dzina lokha. Kunena zoona, lamuloli linapangidwa ndi anthu amene sanakhalepo pabwalo la ku Mangochi, kumene kutchula wamkulu dzina lokhalokha ndi mlandu wa nkhuku.

"Ndiye tizitsulo tiwiri tandizungulirati n'tachiyani? Anzanga a ku Rome wawapatsa mzere wawowawo, ine wanditsekera m'khola ngati mbuzi yodya chimanga cha eni."

Anyakwawa anatsokomola, chizindikiro choti nkhaniyi ikhoza kukambidwa mwadongosolo. Mwamwayi ndinakumbukira tsamba la zothokoza, limene APA salilamulira mayina. Pamenepo malume analembedwa mokwanira, Che ali pamalo pake, mawu oti "katswiri wa nyanja" ali pambali. Mwana anawerenga mokweza kawiri, azakhali n'kululutira.

Malume anatenganso bukulo, chala chikuyenda kuchokera pamwamba. Woyamba kuthokozedwa anali Mulungu, achiwiri aphunzitsi aja, iwo achitatu.

"Woyambayu ndilibe naye mawu," anatero. "Koma wachiwiriyu abwere Loweruka, tikaone ngati amatha kupalasa bwato."