Mmene ndinaphunzirira kugoba ndi zida za kabaidi

Kugoba mkati mwa mtsuko wapakamwa pang'ono pa lathe, makina ozunguza mtengo posema, ndi ntchito ya mumdima. Maso saona kanthu, chimene chikukuuza zonse ndi dzanja ndi khutu. Ine ndinatha zaka ndikulimbana ndi zitsulo wamba zosemera zotchedwa HSS, kunola kangapo pa mtsuko umodzi wa mlombwa, mpaka ndinaganiza zoyesa zida za kabaidi.

Kabaidi ameneyu si uja owotcherera zitsulo amathira m'madzi kuti atulutse gasi. Uyu ndi tungsten carbide, ufa wolimba kwambiri womatidwa ndi chitsulo china chotchedwa cobalt. Amabwera ngati kadzino kakang'ono komangidwa ndi kabawuti kunsonga ya chitsulo chachitali. Kadzinoko sikabuntha msanga, koma kakagwa pasimenti kamabenthuka ngati mbale yadothi.

Posankha ndinapeza mitundu iwiri. Pali mano afulati pamwamba, monga a Easy Wood Tools ku America, amene amapala thabwa. Chida umachigoneka chathyathyathya n'kumakankha pang'onopang'ono, ndipo wophunzira amachizolowera tsiku lomwelo. Palinso mano okhala ngati kambale, monga a Hunter Tools, amene umawapendeketsa ndipo amadula m'malo mopala. Awa amasiya mkati mosalala, koma ukawalowetsa atayang'ana kumwamba amaluma thabwa mwaukali. Ndinayamba ndi dzino lafulati lozungulira pa chitsulo chowongoka, ndipo ndi mmene ndingalangizire aliyense. Chitsulo chowongoka chimagoba pafupifupi zonse, chokhota khosi ngati tsekwe chimangofunika pansi pa phewa la mtsuko.

Chokhota khosicho ndiye chinandiphunzitsa mowawa. Ndinali kugoba mtsuko wa mtengo wa mango, ndipo ndinatsamiritsa khosi lokhotalo pa chitsulo chotsamirapo zida. Mwadzidzidzi chida chinapindimuka m'manja, mtsuko n'kung'ambika pakamwa, mkono kuwawa sabata yathunthu. Chifukwa chake n'chakuti dzino limaikidwa molunjika ndi mbali yowongoka ya chitsulo. Mbali yowongokayo ikakhala pa chotsamira, mphamvu ya thabwa imatsikira pansi. Ukatsamiritsa pokhota, mphamvu yomweyo imapotoza chida. Tsopano chotsamira ndimachibweza m'mbuyo kuti khosi lonse likhale kutsogolo kwake.

Kagobedwe kanga kali motere. Ndimayamba ndaboola dzenje pakati ndi Forstner, choboolera mabowo aakulu, mpaka pafupi ndi pomwe ndikufuna kulekezera, ndipo kuya kwake ndimakulemba ndi tepi. Kenako ndimagoba kuchokera padzenje kupita kukhoma, ndikumaliza chigawo cha kukamwa ndisanatsike, chifukwa thabwa lokhuthala lotsala pansi ndi limene limaletsa khoma kunjenjemera. Dzino limakhala pa mzere wapakati kapena pamwamba pake pang'ono. Ndimaimitsa makina pafupipafupi kuti ndichotse utuchi, pakuti ukadzaza umagwira chida, ndipo nthawi yomweyo ndimayeza khoma ndi kalipa, chida choyezera kukhuthala. Ndikamalowa mozama ndimasintha n'kutenga chitsulo chonenepa, cha mpini wautali womwe ndimaupanira m'nthiti.

Dzino likabuntha limadziwika: umayamba kukankha ndi mphamvu, utuchi umasanduka fumbi, mkati mumatuluka mabala. Ndimamasula kabawuti, n'kutembenuza dzino pang'ono kuti mbali yatsopano ifike kutsogolo. Poyambira ndinaikapo kadontho ka maka kuti ndidziwe pamene ndazungulira lonse. Likatha, lafulati ndimaligoneka chafufumimba pa kathabwa konolera ka dayamondi ka nambala 600, ndi timadzi pang'ono, n'kulizunguza ndi chala kwa kanthawi. Madziwo amathandizanso kuti fumbi la cobalt lisalowe m'mapapo. M'mbali mwa dzino sindikhudza. La kambale silinoledwa choncho, ndimangogula lina.

Chimene ambiri amachinyalanyaza ndi kabawuti. Utomoni ndi fumbi zimadzaza m'mutu mwake, kiyi ya Torx, ya nsonga ngati nyenyezi, n'kumangolowa theka, ndiye ukakakamiza mutu umaphwanyika, dzino n'kukanirira pomwepo. Ndimayamba ndatokosa ndi singano, n'kupukuta pokhala dzino ndi spiriti kuti ligone bwino, n'kupaka kagirizi pang'ono pa kabawuti. Pomanga sindilimbitsa kwambiri, chifukwa kabaidi akapanikizika amasweka. Ndikamagoba mtengo wauwisi ndimamasula ndi kupukuta tsiku lomwelo, dzimbiri lisanagwire. Mabawuti awiri apadera ndimawasunga m'kabotolo pamodzi ndi mano, lililonse litakulungidwa m'kansalu kakekake.