Nkhokwe zopsa za ku Limpopo ndi kampasi yoloza kum'mwera

Mameseji aja oti dziko latsala pang'ono kutembenuka chadodolido ayambanso kuzungulira m'magulupu a WhatsApp, ena mpaka akuika ndi deti yomwe. Abale, nkhani ya maginito a dziko lapansi ndi yeniyeni ndipo ine imandikoka mtima kwambiri, koma mmene ikufalitsidwiramu ayi ndithu. Chimene chimatembenuka si dzikoli, ndi maginito ake. Dzuwa lizitulukabe kum'mawa, nyanja siikhuthuka, chimasintha ndi mbali imene singano ya kampasi imaloza basi.

Ambirife tinakula tikuganiza kuti pakati pa dziko pali chimaginito chachikulu chimene chinangoikidwa pamenepo. William Gilbert, dokotala wa ku England, nayenso mu 1600 ananena kuti dziko lonseli ndi maginito. Anayandikira koma nkhani yake siyophweka choncho, chifukwa chitsulo chikatentha kufika madigiri 770 chimataya mphamvu ya maginito, pomwe pakatikati pa dziko kutentha kumaposa madigiri 5,000. Ndiye maginito wamba sangakhale kumeneko. Mphamvuyi ikuchita kupangidwa panopa, tsiku ndi tsiku.

Pansi pa mapazi athuwa, makilomita pafupifupi 2,900, pamayambira chinyanja cha chitsulo chosungunuka chosakanikirana ndi nickel, kuya kwake kuposa makilomita 2,200. Mkati mwakenso muli mpira wachitsulo wolimba, umene mayi wa ku Denmark, Inge Lehmann, anautulukira mu 1936 pongowerenga mafunde a zivomerezi, eti osaonako n'komwe. Tsono chitsulo chamadzimadzi chija sichikhala phee, chotentha chimakwera, chikazizirako chimatsika, kwinaku kuzungulira kwa dziko kukuchipotokola. Chitsulo chikamayenda modutsa mu mphamvu ya maginito chimabala magetsi, magetsiwo amabalanso maginito, maginitowo magetsi ena, zimangodyetsana choncho osaleka. Amene munakwerapo njinga ya dayinamo usiku mukudziwa, tayala likamazungulira nyali imayaka, mukangoima yathima. Joseph Larmor ndi amene anayamba kuganiza zoterezi mu 1919 pofotokoza za dzuwa, kenako Walter Elsasser ndi Edward Bullard anazikonza bwino m'zaka za m'ma 1940 kuti zigwire pa dziko lathu.

Mapulaneti ena amatsimikizira zomwezi. Jupiter ndi amene ali ndi maginito amphamvu kuposa onse, koma iye mkati mwake si chitsulo chikugwira ntchitoyi, ndi mpweya wa hydrogen wopanikizika mpaka kumadutsitsa magetsi. Venus kukula kwake ngofanana ndi ife koma alibe, ndipo amatenga masiku athu 243 kuti azungulire kamodzi kokha. Mars ndiye amandimvetsa chisoni, anali nawo kalekale, miyala yake yakale idakali ndi zizindikiro zake, koma dayinamo yake inaima zaka pafupifupi 4 biliyoni zapitazo. Lero tinthu tamphamvu touluka kuchokera ku dzuwa timangomuwomba popanda chotchinga chenicheni. Ifeyo maginito athu amatikankhira tinthu timeneti kumbali.

Nanga zoti amatembenuka tinadziwa bwanji? Miyala ndi imene inaulula. Chiphalaphala cha phiri lophulika chikamazizira, tizitsulo ting'onoting'ono ta mkati mwake timaloza kumene maginito a dziko akuloza nthawi imeneyo, mwala ukalimba timangouma choncho. Mu 1906 Bernard Brunhes anapeza miyala ku France yoloza chambuyo. Motonori Matuyama wa ku Japan anapezanso zomwezo mu 1929 n'kuona kuti miyala yoloza chambuyoyi ndi yakale kuposa inzake. Anthu sanawakhulupirire msanga, mpaka mu 1963 pamene Fred Vine ndi Drummond Matthews anafotokoza mizeremizere ya pansi pa nyanja zazikulu, mzere wina woloza kumpoto wotsatira kum'mwera, mofanana mbali zonse ziwiri za mng'alu umene pamatulukira miyala yatsopano. Apa ndiye kukana kunavuta.

Pa zaka 83 miliyoni zapitazi zatembenuka ka 180 ndi kuposa. Komaliza kunali zaka pafupifupi 780,000 zapitazo. Apa ndi pamene a mameseji aja amagwira n'kumati nthawi yakwana kale, tachedwa. Koma zinthuzi zilibe kalendala, nthawi ya ma dinosaur panadutsa zaka zoposa 30 miliyoni osatembenuka ngakhale kamodzi. Komanso sizichitika usiku umodzi, zimatenga zaka mazanamazana mwinanso masauzande, mphamvu imayamba yafooka, mapolo, kutanthauza malo amene kampasi imaloza, amatha kuoneka angapo m'malo osiyanasiyana kenako zinthu n'kukhazikika mbali inayo. Mu 1995 Gary Glatzmaier ndi Paul Roberts anayerekeza chitsulo chowindukachi pa kompyuta ndipo maginito ake anatembenuka okha popanda wowakankha, kusonyeza kuti chipwirikiti cha mkatimo n'chokwanira. Zaka pafupifupi 41,000 zapitazo mphamvu inafookeratu, mapolo anasochera kenako n'kubwerera, anthu analipo nthawi imeneyo ndipo mtundu wa anthu sunathe.

Zoti panopa pali kusintha n'zoona. James Clark Ross anapeza polo ya maginito ya kumpoto ku Canada mu 1831, koma pano yalowera cha ku Siberia, ndipo panali nthawi imathamanga makilomita oposa 50 pa chaka, mpaka mu 2019 anachita kukonza mwachangu mapu a maginito amene ndege, sitima ndi mafoni athu amadalira. Mphamvu yonse yatsikanso ndi pafupifupi 9 peresenti pa zaka 200. Ndiye pali chigawo chofooka kwambiri kuyambira ku South America kudutsa nyanja ya Atlantic kufika kum'mwera kwa Africa kuno, amachitcha South Atlantic Anomaly. Masetilaiti akamadutsa pamenepo makompyuta ake amasokonekera, Hubble, makina oonera nyenyezi amene ali mlengalenga, amaleka kaye kujambula ndi zida zake zina. Ngati pali chodera nkhawa ndi chimenechi, zida za mlengalenga ndi mawaya a magetsi.

Koma gawo limene limandisangalatsa koposa ndi ili. Kum'mwera kwa dziko lapansi kunalibe miyezo yokwanira ya zaka zakale, ndiye John Tarduno wa ku University of Rochester pamodzi ndi wofukula zakale Thomas Huffman wa ku yunivesite ya Wits ku South Africa anakafufuza m'midzi yakale ya m'chigwa cha Limpopo, kumene Zimbabwe, Botswana ndi South Africa akumanirana. Kumeneko kunkakhala alimi oweta ng'ombe, olankhula zilankhulo za gulu limodzi ndi chathuchi. Malinga ndi ofukulawo, kukagwa chilala anthuwa ankawotcha nkhokwe ndi nyumba zina ngati mwambo woyeretsa mudzi kuti mvula ibwere. Taganizani pansi pa nkhokwe pozira bwino ndi dongo, moto wadyapo mpaka dongolo lafiira ngati njerwa. Pozizira, tizitsulo ta m'dongomo tinaloza kumene maginito ankaloza tsiku limenelo, n'kukhala choncho zaka mazana ambiri pansi pa dothi.

Zotsatira zake zinatuluka mu 2015 ndi 2018, ndipo zinaonetsa kuti mphamvu ya maginito m'dera lino inagwa kwambiri pakati pa 1225 ndi 1550, ndiponso inagwedezekapo m'zaka za m'ma 400 ndi m'ma 700. Kutanthauza kuti kufooka tikukuonaku si kwachilendo kuno, kumabwera n'kupita. Tarduno amaganiza kuti gwero lake ndi chimwala chachikulu chotentha chimene chili pansi penipeni pa Africa, pamalire ndi chitsulo chosungunuka chija, chimene chimasokoneza kayendedwe ka chitsulocho. Akatswiri ena akutsutsanabe naye pa mfundo zina, koma umboni wa dongowo ulipo.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndikamva kuti malo akale akufukulidwa chisawawa ndi ofuna chuma kapena oumba njerwa. Dongo lopsalo limafunika kuliyeza lili pamalo pake, asayansi amayamba alemba kaye mbali imene layang'ana asanalidule. Munthu akangolizula ndi khasu n'kuliponya pambali, sungadziwenso kumene linkaloza.