Tatuluka abale, zikomo nonse makamaka asisita ausiku aja

Abale anga tatuluka mchipatala ndi mwana wanga. Ndatopa zedi, manja akunjenjemera pomwe ndikulemba izi koma ndati ndithokoze lero lomwe chifukwa ndikadikira mawa mawu ena athawa. Ambiri mukudziwa kale mmene zinayambira, mwendo wake uja tinkangoti ndi ululu omwe tinauzolowera wa siko selo, matenda a magazi obadwa nawo, kenako thupi kutentha osatsika mpaka adokotala anapeza kuti matenda alowa m'fupa, osteomyelitis, ndiye mankhwala ake ndi odzera mumtsempha kwa masabata angapo, panalibe zoti mukamwera kunyumba. Sindibwereza zonsezo, mtima wanga sunakhazikike.

Ambuye Mulungu, inu munaona usiku umene ndinkalephera kupemphera ndi pakamwa, ndinkangogwira kaphazi ka mwana wanga. Landirani ulemu wanu.

Koma pali mayi mmodzi amene ndikufuna mumudziwe ngakhale dzina sinditchula, iwowo sakonda zotamandidwa pagulu. Asisita a shifiti ya usiku. Mukudziwa mwana amene amabwerabwera kuchipatala amafika poti dzina lake limasowa, anthu amangoti wa siko selo uja, wa bedi la pakona, ndipo sindikunyoza aliyense chifukwa wodi imakhala yodzaza, anamwino ochepa, aliyense akuthamanga. Koma mwana wa zaka 8 amamva. Wanga anafika posiya kuyankha, akamufunsa kanthu amangotembenukira kukhoma. Asisitawa usiku woyamba omwe sanayambe ndi fayilo ayi, anakhala pansi kuti maso awo afanane ndi ake nkumufunsa kuti kunyumba amakuitana ndani, nanga iweyo ukufuna ine ndizikuitana ndani. Mwana anatchula dzina lomwe amamuitana agogo ake okha. Kuyambira pamenepo ndi dzina lomwelo basi, mpaka analilemba ndi zilembo zikuluzikulu pa pepala, nkumupatsa makrayoni kuti akongoletse yekha, nkumata pamwamba pa bedi. Mmawa adokotala pozungulira anawerenga pepala lija nkumupatsa moni ndi dzina limenelo, mwana wanga anamwetulira koyamba chigonekedwereni.

Nkhani ya kanyula inu, kapaipi kolowetsa mumtsempha kodzera mankhwala. Mitsempha ya mwana amene wakhala akubayidwa kuyambira ali khanda imavuta, ndiye nthawi yosintha ikakwana kunkakhala kulira kosaneneka, anthu awiri atatu kumugwira. Asisita anati ayi tisamugwire choncho. Anamuuza zoona kuti zipweteka pang'ono, sananame zoti sumva kanthu, kenako anamufunsa kuti tiyambe kuyang'ana mkono uti, ukufuna ukhale pamiyendo pa amayi kapena pa bedi, ukufuna uziona kapena uyang'ane kumbali, tiwerenge mpaka 3 kapena ndingobaya. Singano ndi yomweyo, ululu ndi omwewo, koma poti wasankha yekha mwana anatambasula mkono. Chidole chake chija chomwe ndinkachita nacho manyazi poti chinatha ndi kale, asisita anachimanga bandeji nacho, nkumati odwala athu awiriwa ali bwanji lero. Ndipo anatipemphera chilolezo kuti azivala zovala zake zakunyumba, bola mkono wa diripi uzioneka, komanso kabulangete kake kaja. Tsitsi linali litapotana chifukwa chogona, usiku wina wodi itakhala bata anabwera ndi chipeso nkumupesa pang'onopang'ono uku akucheza za kusukulu. Si ntchito yawo imeneyo. Palibe akanawafunsa akanapanda kutero.

Chimene sindidzaiwala kwambiri nchakuti ankamukhulupirira. Ululu wa siko selo suoneka ndi maso, palibe bala, palibe magazi, ndiye mwana akati zikuwawa ena amaona ngati akudzikondetsa kapena wazolowera mankhwala. Asisita anamubweretsera kapepala ka nkhope zija, kuyambira yomwetulira pa 0 mpaka yolira pa 10, nkumuuza kuti loza, chimene waloza ndilemba chomwecho. Akaloza pa 8 sankatsutsana naye, ankapita kukauza adokotala kuti mankhwala a ululu a morphine asachedwe, nkubwera ndi kansalu kofunda koika pamwendo. Ndi iwo anandikumbutsa kuti chozizira sitiika, kuzizira kumapanikiza mitsempha ndiye maselo a magazi opindika a siko selo amatsekerera kwambiri. Ndipo anamufotokozera mwini wakeyo, osati ine ndekha, anajambula selo lozungulira ndi lina lopindika nkumuuza kuti lozunguliralo limakhala masiku pafupifupi 120 pomwe lopindikalo limatha m'masiku 10 mpaka 20 okha, nchifukwa chake umatopa msanga, si ulesi ayi. Mwana anafunsa kuti ndiye si ine ndinalakwa? Eee abale ndinatuluka panja kukalira. Zaka zonsezi kamwana kanga kanali ndi funso limenelo mumtima ine osadziwa.

Panali mantha ena, akuti mwana wa siko selo akagona nthawi yaitali ali pa ululu sapuma mozama, ndiye matenda amatha kugwira chifuwa, acute chest syndrome, omwe ndi oopsa kwambiri. Amafunika azikoka mpweya wambiri pafupipafupi akakhala maso. Wanga ankakana. Asisita anabwera ndi kabotolo ka thovu la sopo, ati tiyeni tione amene aphulitse thovu lalikulu, mwana kukoka mpweya wonse kuti awapose, mapeto ake ana a mabedi oyandikana nawonso analowa mpikisano, wodi yonse kuseka usiku. Chifuwa chake chinakhala bwino mpaka tatuluka.

Madokotala onse, a ku labu, a ekisire, a fiziyo amene anamuyimika koyamba akunjenjemera, amayi okolopa amene ankamupatsa moni mmawa uliwonse, zikomo. Inu amene munapereka magazi, sindikudziwani ndipo simudzamudziwa mwana wanga, munangopita tsiku lina nkupereka 450 ml nkubwerera ku zochita zanu, koma magazi ake atatsika ndi thumba lanu lomwe linamudzutsa, milomo yotuwa ija inabwerera. Mulungu akubwezereni pomwe munachotsa. Aphunzitsi ake anasonkhanitsa timakalata ta anzake a mkalasi, tina tosawerengeka nkomwe, asisita omwewo anatithandiza kumata pakhoma mozungulira dzina lija, ndiye aliyense wofika pa bedi amayamba waona kuti pano pagona mwana amene ali ndi anzake, amene amakonda masamu, amene mpando wake mkalasi ukumudikira. Bambo ake, mwagona pa benchi, mwapita kuntchito maso ali gwa, sindinakuuzeni mokwanira koma ndaona. Achemwali anga munasunga ang'ono ake ngati anu. Amayi anzanga a muwodi, tinkasinthana kuyang'anira ana kuti wina akasambe, ena ndakusiyani momwemo ndipo mtima ukundipweteka, ndikukupemphererani mmodzimmodzi.

Kwa amene munali zii, foni muli nayo, ma status mumaona, palibe kanthu takuonani. Koma inu amene munapeza mphamvu zoyankhula kumbali kuti matendawa anachokera kwa mayi ake, imvani kamodzi kokha. Mwana sadwala siko selo pokhapokha atatengera kwa makolo onse awiri. Ine ndili ndi AS, bambo ake ali ndi AS, kutanthauza kuti tinangonyamula mbewu ya matendawa koma tonse sitidwala, ndipo zikakhala choncho pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe ndi SS, yomwe ndi matenda enieniwo, ndi 1 pa 4. Palibe anasankha, palibe analakwa. Mphamvu munathera pa miseche zija mukanapita nazo kukayezetsa magazi anu, mwina ana anu omwe zikanawathandiza. Ndasiyira pomwepo.

Ndibwerere kwa asisita anga. Mayi inu, mwina wina akuonetsani izi. Usiku omwe ndinalephera ndinangokhala pansi pa simenti, munandipeza, simunandiuze zoti limbani mtima, munangoti amayi gonani ola limodzi ndikhala naye ine, ndipo ndinadzuka nkukupezani mulidi pomwepo mukulemba mafayilo anu pambali pa bedi lake. Muli ndi ana ambirimbiri oti muwaone koma wanga ankakhulupirira kuti mumabwera kuntchito chifukwa cha iyeyo, ndipo ndikudziwa mwana wa bedi lina nayenso ankaganiza chimodzimodzi. Mmene mumachitira zimenezo ndi Mulungu yekha akudziwa. Tsiku lotuluka munali pa ofu, mwana analira kuti sanatsanzike anti ake, wajambula chithunzi chanu muli ndi kabotolo ka thovu kaja ndipo wandilumbiritsa kuti tidzakupatseni pa tsiku la kiliniki. Ambuye akusungireni manja amenewo, akupatseni mphamvu, ana anu asadzasowe owachitira chifundo.

Ulendo sunathe, siko selo sachoka ndi kutuluka mchipatala. Tikupitiriza mankhwala ake a hydroxyurea ndi folic acid, maantibayotiki akumwa atsala, madzi ambiri, ndipo thupi likangotentha tithamangiranso komweko osadikira kuche. Ofuna kudzamuona bwerani ndithu akusowani, koma ngati muli ndi chimfine kapena chifuwa dikirani kaye muchire. Ndipo chonde mukafika musayambe ndi kumufunsa za mwendo, watopa nazo, mufunseni za zojambula zake akuonetsani zonse.